Mmene Mungayesere Zodzola Zachilengedwe Molingana ndi Khungu Lanu

M'misika ya mu Mzuzu, kuyambira msika waukulu wa m'tauni ndi wa Taifa mpaka m'timasitolo ta ku Chibavi, ku Katoto ndi ku Luwinga, mwachuluka zodzola zimene ogulitsa amati n'zachilengedwe. Mupezamo mafuta a malambe, a kokonati ndi a nsatsi, sopo wa nimu ndi wa chammwamba, alovera wa m'mabotolo, komanso mafuta olimba a shea amene amachokera kumayiko monga Ghana ndi Uganda. Zambiri mwa zimenezi n'zothandiza ndithu, ndipo zina zimapangidwa ndi Amalawi anzathu amene ntchito yawo ndi yoyamikirika. Koma kukhala chachilengedwe sikutanthauza kuti chinthu chiyanjana ndi khungu la aliyense, pakuti chitedze nachonso n'chachilengedwe. Mafuta amene asalalitsa nkhope ya mlongo wanu akhoza kukutulutsani inu ziphuphu, ndipo pakhungu lakuda ngati lathuli chiphuphu chikapola chimasiya banga limene limatha miyezi lisanazimirire. N'chifukwa chake njira yabwino ndiyo kuyesa chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kuyambira pamalo aang'ono, ndi kudikira mokwanira kuti muone mmene khungu lachilandirira.

Yambani ndi kudziwa khungu lanu

Musanagule kanthu, sankhani tsiku limene muli pakhomo. Sambani kumaso ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosambira wopanda fungo lamphamvu, pukutani mongogunditsa thaulo popanda kukhula, kenako khalani ola lathunthu osadzola chilichonse. Pa ola limeneli musaothe dzuwa, musayandikire mbaula ndipo musagwire ntchito yotulutsa thukuta. Likatha, ng'ambani tishu pazidutswa zinayi, mukanikize chimodzi pamphumi, china pamphuno, china patsaya ndi china pachibwano, ndipo muziyang'ane pamalo owala bwino.

Ngati zidutswa zonse zatuluka zouma, nkhope n'kumamveka yokokeka kapena kuoneka yotuwa m'mbali mwa kamwa, khungu lanu ndi louma. Ngati zonse zachita mawanga a mafuta ndipo nkhope ikunyezimira, khungu lanu ndi lamafuta. Anthu ambiri amapeza mafuta pamphumi ndi pamphuno pokha pamene masaya ali ouma, ndipo limeneli ndilo khungu losakanikira. Pali mtundu wina umene tishu sangauonetse, womwe ndi khungu losachedwa kuyabwa, kunyerenyetsa kapena kutentha munthu akangosintha sopo kapena kudzithira pefyumu. Khungu lotere mumalidziwa pokumbukira mmene lakhala likuchitira m'mbuyomu, ndipo limapezeka kawirikawiri kwa anthu amene m'banja mwawo muli mphumu kapena chimfine chobwera ndi fumbi.

Kwa ife okhala ku Mzuzu, kuyesa kumeneku kumafunika kawiri pachaka. Mzindawu uli pamalo okwera mamita opitirira 1,200, ndipo kuzizira ndi mphepo ya mu Juni ndi Julayi zimaumitsa ngakhale khungu limene mu Okutobala ndi Novembala limakhala lonyezimira ndi mafuta ndi thukuta. Zodzola zimene zakukomerani m'chisanu zikhoza kukulemerani m'chilimwe. Komanso nthawi yozizira ambiri timasamba madzi otentha kwambiri, ena n'kusambira kumaso sopo wochapira zovala, ndipo zinthu ziwirizi zimachotsa mafuta amene khungu limapanga lokha podziteteza. Ngati muli ndi chizolowezi chimenechi, chisiyeni kwa masabata awiri musanagamule kuti khungu lanu ndi louma, chifukwa mwina silouma mwachibadwa koma mukuliumitsa ndinu. Amene amaotha mbaula pafupi kwambiri madzulo alionse adziwenso kuti mawanga akuda amene amabwera pamisongolo amachokera ku motowo, ndipo palibe mafuta amene angawachotse ngati munthu sasunthako pang'ono.

Matenda asiyireni a chipatala

Zipere, mphere, zikanga ndi zilonda zotuluka mafinya si mtundu wa khungu ayi, ndi matenda amene ali ndi mankhwala ake. Kupaka mafuta pachipere sikupha tizilombo timene tayambitsa, ndipo mphere zimafalikira banja lonse pamene munthu akuyesa sopo uyu ndi uyo. Mukaona zoterezi, kapena ziphuphu zikuluzikulu zopweteka zosiya zipsera, pitani ku Mapale, ku St John's kapena ku chipatala chachikulu cha Mzuzu Central, ndipo zodzola mudzaziyese khungu likachira.

Pogula, werengani ndi kununkhiza

Gulani kabotolo kakang'ono kwambiri kamene kalipo, pakuti mukungoyesa. Tembenuzani botolo muwerenge mndandanda wa zimene zaikidwamo, podziwa kuti opanga amayamba kulemba chimene chachuluka n'kumalizira chimene chachepa. Ngati kutsogolo kwa botolo kwajambulidwa mlambe waukulu koma mafuta a malambe alembedwa kumapeto kwenikweni kwa mndandanda, pambuyo pa zonunkhiritsa, ndiye kuti mulimo ochepa zedi ndipo mukulipira chithunzi. Mawu akuti Aqua akakhala koyambirira, chinthucho chili ndi madzi ambiri, ndipo chodzola chilichonse chokhala ndi madzi chimafunika mankhwala otetezera kuti chisaonongeke. Musaope mankhwala amenewa. Choopsa kwambiri ndi loshoni wamadzi wopanda chotetezera amene wakhala miyezi pashelefu, chifukwa m'menemo mumaswana tizilombo tosaoneka ndi maso. Mawu akuti organic amanena za kalimidwe, kuti mbewuyo sinathiridwe feteleza wa m'sitolo kapena mankhwala ophera tizilombo, koma sanena kanthu za mmene mafutawo adzakhalire pankhope yanu.

Yang'anani tsiku lothera ntchito, dzina la wopanga ndi kumene ali, komanso chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards pa zinthu zopangidwa m'dziko muno. Pa mabotolo ena pamajambulidwa kachitini kotsekula kolembedwa 6M kapena 12M, kusonyeza miyezi imene chinthucho chimakhala chabwino mukachitsekula. Opanga ang'onoang'ono ambiri alibe zonsezi, ndipo sindikunena kuti muwathawe, koma muwafunse kuti mafutawo anayengedwa liti ndiponso asakanizamo chiyani. Wopanga wokhulupirika sakhumudwa ndi mafunso otere. Nunkhizaninso, chifukwa mafuta amene akhala padzuwa pabenchi kwa nthawi yaitali amasasa, n'kumamveka ngati mtedza wakale wovunda, ndipo otere amayabwitsa khungu.

Pali msampha umodzi umene ndikufuna kuutsindika. Mafuta ambiri oyeretsa khungu amagulitsidwa m'mabokosi ojambulidwa karoti, papaya kapena ndimu, kuti aoneke ngati a zipatso, pamene mphamvu yake yeniyeni ikuchokera ku mankhwala oyeretsa khungu otchedwa hydroquinone, ku mercury kapena ku mankhwala a steroid monga clobetasol ndi betamethasone. Mankhwala a steroid ndi a chipatala, oyenera kupakidwa kwa nthawi yochepa dokotala atalamula, ndipo akapakidwa miyezi yambiri amapyapyalitsa khungu, kutulutsa ziphuphu, kuonetsa timitsempha ndi kusiya mizere yosachoka. Mercury imaononga impso ndi ubongo, ndipo imafika kwa mwana amene ali m'mimba. Palibe karoti kapena papaya amene angasinthe mtundu wa khungu la munthu pa masabata awiri, choncho chodzola chilichonse cholonjeza zimenezi chisiyeni pomwepo, makamaka ngati sichinalembedwe zimene zili m'kati mwake.

Yesani pamkono musanafike kumaso

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene ambiri amalumpha. Sankhani malo a mkati mwa mkono, pafupi ndi pamene mkono umapindikira, chifukwa khungu la pamenepo ndi lopyapyala ndipo silikhudzidwa ndi madzi nthawi iliyonse mukasamba m'manja. Pakani chodzolacho pamalo okula ngati chitsekerero cha botolo, mochuluka monga mmene mungapakire kumaso, m'mawa ndi madzulo, kwa masiku 7 mpaka 10. Ngati ndi sopo kapena chinthu chotsukidwa, chisiyeni pamenepo mphindi zisanu kenako mutsuke. Mkono winawo usapakidwe kanthu kachilendo, kuti muzikhala ndi poyerekezera.

Masiku amenewa akuoneka ambiri, koma ali ndi chifukwa chake. Khungu limakana chinthu m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi yamwamsanga, pamene chinthu chaukali chiotcha kapena kunyerenyetsa mphindi zochepa mutachipaka. Yachiwiri ndi yochedwa, pamene thupi limayamba kudana ndi chinthucho pang'onopang'ono, ndipo nsungu ndi kuyabwa zimadzaonekera patapita masiku awiri, atatu kapena kuposerapo. Munthu amene wayesa usiku umodzi wokha waona njira yoyamba basi. Kumbukiraninso kuti pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, choncho musadalire maso okha. Sisitani ndi chala mumve ngati pachita timatuza, ngati pakhakhala kapena patentha kuposa pena, ndipo onani ngati pamalopo payamba kuda kapena kutuwa.

Mukaona chimodzi mwa zizindikirozi, tsukani ndi madzi ozizira, lekani kupaka, ndipo lembani dzina la chinthucho pamodzi ndi mndandanda wa zimene zilimo. Mukakanidwa ndi zinthu ziwiri kapena zitatu, kuyerekeza mindandandayo kumakuthandizani kupeza chimene chikupezeka mwa zonse, ndipo nthawi zambiri chimakhala chonunkhiritsa. Koma ngati milomo kapena zikope zatupa, kapena mukubanika popuma, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Mkono ukavomereza, musathamangire nkhope yonse. Pakani kaye pansi pa nsagwada kapena m'mbali mwa tsaya kwa masiku ena atatu kapena anayi, chifukwa mkono umaonetsa ngati thupi likudana ndi chinthu koma suonetsa ngati chinthucho chitseka timabowo ta khungu la kumaso.

Zoyenera khungu louma

Mafuta paokha sawonjezera madzi m'khungu, ntchito yake ndi kutsekera madzi amene alimo kale kuti asauluke. Pachifukwa chimenechi, dzolani mutangotuluka kosamba thupi likadali lachinyontho, osati litauma kale mbuu. Kumaso yambani ndi madontho atatu kapena anayi a mafuta a malambe, a mapeyala kapena a macadamia, muwatikite m'manja kenako muwakanikize pankhope. Mafuta a mpendadzuwa oyengedwa bwino, ngakhale ambiri amawaona ngati ophikira chabe, ndi amodzi mwa amene amathandiza khungu louma kulimba, ndipo pa khungu long'ambikang'ambika amaposa a olivi amene ndi okwera mtengo. Mu Juni ndi Julayi mafuta opepukawa akhoza kuchepa mphamvu, ndipo pamenepo onjezani shea pang'ono pamwamba pake, makamaka pamasaya, m'manja ndi m'miyendo. Giliserini amene ambiri timamudziwa amakoka madzi, choncho msakanizeni ndi madzi pang'ono m'dzanja musanapake, kenako mutsekere ndi mafuta pamwamba.

Mafuta a nsatsi, amene makolo athu ankadzola kuyambira kale, ndi olemera ndi onanda, ndipo malo ake abwino ndi zidendene, zigongono ndi mawondo. Amene amayenga okha pakhomo asunge njere zake kutali ndi ana, chifukwa njere ya nsatsi ili ndi poizoni woopsa ikatafunidwa. Ndinenenso kuti simuyenera kutaya Vaseline wanu chifukwa choti sachokera ku zomera. Ndi chimodzi mwa zodzola zimene sizikanidwa ndi khungu kawirikawiri, ndipo pamilomo yong'ambika ndi chisanu amagwira ntchito bwino kwambiri.

Zoyenera khungu lamafuta ndi la ziphuphu

Kulakwitsa kofala pa khungu ili ndiko kulisambitsa kanayi kapena kasanu patsiku ndi sopo waukali pofuna kuliumitsa. Kawiri n'kokwanira, m'mawa ndi madzulo, kuphatikizapo mukatuluka thukuta lambiri. Sopo wa nimu, wa chammwamba kapena sopo wakuda wochokera ku West Africa muyambe naye kamodzi patsiku, madzulo, ndipo ngati mukatsuka nkhope ikumveka yokokeka, dziwani kuti wakukulirani mphamvu ndipo muzimugwiritsa ntchito masiku olumphalumpha kapena pathupi pokha.

Mafuta a kokonati, a koko (cocoa butter) ndi mawese a ku Karonga amatseka timabowo ta khungu kwa anthu ambiri a nkhope yamafuta, choncho asiyireni miyendo, mikono ndi tsitsi. Ngakhale kutsitsiko samalani, pakuti ziphuphu zing'onozing'ono zondandalika pamphumi m'mphepete mwa tsitsi nthawi zambiri zimabwera ndi mafuta a kumutu amene amatsikira kumaso ndi thukuta kapena kudzera papilo. Kusintha nsalu ya pilo kawiri pasabata ndi kumanga duku pogona kumathandiza kuposa kugula sopo wina.

Chimene ndimalimbikitsa kuyamba nacho pa khungu lotere ndi alovera, chifukwa ndi wopepuka ndipo ambiri ali naye pakhomo. Dulani tsamba lokhwima la m'munsi, liimikeni m'kapu chodulidwa chili pansi kwa mphindi 15 kuti madzi achikasu owawa aja atuluke, pakuti amenewo ndiwo amayabwitsa. Kenako litsukeni, sendani chikopa chake, palani zoyera zoterera za m'kati ndi supuni yoyera, ndipo pakani mopyapyala. Zotsala zisungeni m'firiji kwa masiku ochepa okha, ndipo ngati mulibe firiji dulani kachidutswa kokwanira tsikulo. Uchi weniweni, umene kuno kumpoto sutisowa chifukwa cha alimi a njuchi a kufupi ndi Nyika ndi madera ena, mukhoza kuupaka mopyapyala pankhope yonyowa kamodzi kapena kawiri pasabata, kuusiya mphindi 10 mpaka 15, n'kutsuka ndi madzi ofunda. Amene thupi lawo limadana ndi zinthu za njuchi asauyese.

Mafuta onunkhira kwambiri otchezedwa ku masamba, monga a tea tree, a bulugamu ndi a lemongrass, ndi amphamvu zedi ndipo sayenera kukhudza khungu osasungunulidwa. Muyezo woyambira ndi dontho limodzi m'supuni yaing'ono imodzi ya mafuta wamba, imene ndi mamililita 5, ndipo osakanizawo nawonso ayesedwe pamkono.

Khungu losakanikira ndi losachedwa kuyabwa

Losakanikira silivuta: mafuta pamasaya, alovera kapena osapaka kanthu pamphumi ndi pamphuno. Losachedwa kuyabwa limafuna zinthu zochepa. Sankhani chodzola chokhala ndi chinthu chimodzi kapena ziwiri, chopanda fungo loikamo, ndipo kuyesa pamkono mukufikitse masiku 10 onse. Khungu la khanda liikeni m'gulu lomweli. Musalipake mafuta onunkhira aja, mafuta a nimu musawasiye pamene mwana angawamwe, ndipo mwana wa khungu louma loyabwa musamudzoze mafuta a mtedza, chifukwa kutero kukhoza kuchititsa kuti thupi lake lidzadane ndi mtedza. Amayi oyembekezera afunse kusikelo asanayambe mafuta onunkhira alionse.

Za kukhitchini zimene siziyenera kumaso

Khungu lathanzi limakhala ndi asidi pang'ono, pakati pa 4.5 ndi 5.5 pa muyezo wa asidi wotchedwa pH. Madzi a ndimu ali pafupi ndi 2, kutanthauza asidi wochuluka kwambiri, ndipo soda ali pamwamba pa 8, kutanthauza kuti ndi wotsutsana ndi asidi, kotero zonse ziwiri zimasokoneza chitetezo cha khungu, china mbali iyi china mbali inayo. Ndimu ali ndi vuto linanso lakuti madzi ake akatsalira pakhungu munthu n'kupita padzuwa, pamachita matuza ndi mawanga akuda oposa amene amafuna kuchotsa aja. Adyo wosinja amaotcha mpaka kusiya chilonda, ndipo mankhwala otsukira mano sanapangidwire ziphuphu. Khofi wogaya, amene ku Mzuzu ndi wosavuta kumupeza, ndiponso shuga, mukhoza kukhulira miyendo ndi zidendene kamodzi pasabata mutasakaniza ndi mafuta, koma kumaso amakanda ndipo amaphulitsa ziphuphu.

Perekani nthawi ndipo lembani

Chinthu chikafika pankhope yonse, chipitirizeni chokha kwa masabata 4 mpaka 6 osawonjezapo china chatsopano, chifukwa khungu limatenga pafupifupi mwezi kuti lisinthe chikopa chake chapamwamba. Mukayamba sopo, mafuta ndi uchi sabata imodzi, ziphuphu zikabwera simudziwa cholakwa, ndipo nkhope ikasalala simudziwa choyenera kugulanso. Jambulani nkhope ndi foni tsiku loyamba, kenako kamodzi pasabata, pawindo lomwelo ndi nthawi yomweyo ya m'mawa, ndipo lembani m'kope tsiku limene mwayamba ndi zimene mukuona. Amayi alembenso masiku a msambo, popeza ziphuphu zobwera nthawi imeneyo zikhoza kunamiziridwa mafuta osalakwa.

Pa nthawi yonseyi musaiwale dzuwa. Palibe mafuta a kokonati, a malambe kapena shea amene angalowe m'malo mwa mafuta oteteza ku dzuwa, ndipo mitambo ndi nkhungu za ku Mzuzu sizitchinga cheza chonse choononga khungu, chimenenso chimakula mphamvu pamalo okwera. Amene akulimbana ndi mawanga akuda apake mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 (nambala yosonyeza mphamvu yake) kapena kuposa m'mawa uliwonse, apo ayi mawangawo amadabe. Abale athu achialubino afunika a SPF 50, chipewa chachikulu ndi zovala za manja aatali tsiku lililonse, ndipo asalole wogulitsa aliyense kuwauza kuti mafuta a zomera akwanira.

Ngati mwapeza mafuta amene akuyanjani

Mukhoza kuwalimbitsa nokha kuti akhale opaka m'manja, m'milomo ndi m'zidendene nthawi yachisanu. Tengani supuni imodzi ya phula la njuchi lopalapala ndi masupuni anayi a mafutawo, muike m'kapu yachitsulo, ndipo kapuyo muiimike m'poto wa madzi otentha mpaka phula lisungunuke. Musaike kapu pamoto mwachindunji. Takasani, thirani m'kabotolo kotsuka bwino ndi kouma kotheratu, ndipo kasiyeni kosatseka mpaka zitalimba. Musalole dontho la madzi, alovera kapena uchi kulowamo, chifukwa chinyontho ndicho chimabweretsa chuku. Popeza phula ndi chinthu chatsopano pakhungu lanu, zimene mwapangazi ziyambenso pamkono masiku 7 mpaka 10. Lembani tsiku lopangira pachivindikiro, sungani pamalo ozizira opanda dzuwa, tapani ndi supuni youma osati chala chonyowa, ndipo fungo kapena mtundu zikasintha tayani mupange zina.